Manda Amene Ndinakumba Kuseri kwa Golo

Nkhani iyi ndi ya manyazi, ndipo manyaziwo ndi anga. Ndakhala ndikuithawa zaka ziwiri, koma kuthawa kwake n'kopanda phindu chifukwa inatuluka kale m'nyuzipepala, chithunzi changa chili pomwepo. Amalawi a ku Evington amaikamba mwa njira yawo. A ku Spinney Hill anawonjezeramo apolisi ndi agalu, zinthu zomwe kunalibe n'komwe. Ndiye lero ndati ndiikambe ndekha. Kuseka sekani, sindikuletsani, koma mudziwe kuti muli maliro m'katimu.

Ine ndine Maliko Kachingwe, kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinabwera kuno kutsatira akazi anga, mayi a Tadala, omwe ndi namwino pachipatala china mumzinda muno wa Leicester. Iwo anatsogola zaka zitatu, ndiye za kuno amazidziwa. Ine pa nthawiyo ndinali ndisanathe chaka. Vuto langa ndi limodzi: sindikonda kufunsa. Kwathu ndinali mphunzitsi, ndipo maliro akachitika kumudzi woyandikana nafe, ine ndi amene ndinkatsogolera adzukulu kukakumba manda. Munthu wotere akafika m'dziko la eni amaganiza kuti sukulu yonse anaimaliza kale.

Ntchito ndinaipeza pa care home ina ku Wigston. Mwa okalamba amene ndinkawasamalira munali a Harold, bambo wamtali, wowonda, wa zala zopindikapindika, amene anali atatsala pang'ono kukwanitsa zaka makumi asanu ndi anayi. Moyo wawo wonse anagwira ntchito ku nyuzipepala ya m'dera lino. Sanali mtolankhani ayi. Ankakhala m'chipinda chapansi n'kumasanja zilembo zachitsulo zimene makina ankasindikizira. Loweruka madzulo mpira ukangotha, ankapikisana ndi nthawi kuti pepala la zigoli lituluke, anthu atandanda kale panja kulidikirira.

"Mark," ankandiitana choncho, Maliko ankawavuta, "zala izi zasanja mayina a tauni yonse ino. Obadwa, okwatira, omangidwa, omwetsa zigoli, omwalira. Koma langa silinatulukepo ndi kamodzi komwe."

"Bwanji osangoliikamo nokha tsiku lina?"

"Akanandichotsa ntchito. Komanso ndinachita chiyani choti n'kulemba?"

Pansi pa bedi lawo panali makatoni a nsapato odzaza ndi zidutswa za nyuzipepala zachikasu, zonse za timu yawo ya mpira. Si timu yaikulu ija ya mumzinda imene dziko lonse limaidziwa. Yawo inali katimu ka m'dera, koyambitsidwa ndi anthu ogwira ntchito m'mafakitale a masokosi kalekale, kosewera pabwalo lozunguliridwa ndi mpanda wa maluwa, komwe kagonja kambiri kuposa kupambana. Mbiri ya Wigston ndinaiphunzira ndikuwameta ndevu: msewu uti unali ndi fakitale, belu linkalira nthawi yanji, ndani anathyoka mwendo pa masewero ati.

Tsiku lina anandionetsa chidutswa cha nkhani ya mfumu yawo yamakedzana, imene mafupa ake anawafukula pansi pa malo oimikapo magalimoto pakati pa Leicester. Mfumu yeniyeni, zaka mazanamazana ili pansi apo, magalimoto akuiponda. Nkhani imeneyi muisunge, chifukwa ndi imene inandisokeretsa.

Loweruka lina kunja kutawala, a manijala anandilola kuti ndiwaperekeze ku mpira. Bwalolo silili patali, ndinangowakankha pa wheelchair. Ochemerera analipo ochepa, ambiri a iwo a imvi, ndi kanyumba kogulitsa tiyi pakona. Masewero atatha, a Harold anandiuza kuti ndiwakankhire kuseri kwa golo la kumunsi, pakamtunda ka kapinga pakati pa ukonde ndi mpanda.

"Ima pomwepa," anatero. Analoza pansi ndi ndodo yawo. "Bambo anga ali apa. Mkulu wanga naye ali apa."

Ndinavula chipewa msangamsanga. Ndinayang'ana: palibe mtanda, palibe mwala, ngakhale kamtumbira. Chapafupi panaima mkulu wina akudya chitumbuwa cha nyama, galu wake akununkhiza pamalo pomwepo. Mtima unandiwawa.

"Apa penipeni, a Harold?"

"Apa penipeni. Bambo anali goloboyi wa timuyi zaka khumi ndi zisanu. Anati asachoke pafupi ndi golo lawo."

"Akuluakulu a timu analola?"

"Kwa anthu awo amalola."

Ndinakumbukira mfumu ija ya pansi pa magalimoto, ndipo ndinati basi, ndamvetsa. Anthu a kuno amaika maliro paliponse pamene mwiniwake anapakonda, kenako n'kusalaza dothi kuti asasokoneze ena. Sindinafunsenso funso lina.

A Harold anandigwira dzanja. Zala zawo zinali zozizira.

"Ndilibe mwana, Mark. Kwatsala Susan yekha, mwana wa mlongo wanga, ndipo amakhala ku Nottingham, ndi wotanganidwa. Ndimaopa kuti adzandisiya pa shelefu penapake n'kundiiwala. Undilonjeze kuti udzaonetsetsa kuti ndafika pano."

Ine ndinaganiza za mashelefu a ku mochale.

"Ndalonjeza," ndinatero. "Mudzagona pomwepa."

Lonjezo limeneli linandilowa kwambiri, ndipo chifukwa chake ndichinene. Bambo anga anamwalira nditangotha miyezi itatu kuno. Sindinathe kupita. Maliro awo ndinawaonera pa foni, msuweni wanga atanyamula kamera, netiweki ikuduladula. Pamene ankatsitsa bokosi chithunzi chinauma, ndipo chitabwerera ndinangoona mtumbira ndi nkhata. Ine, munthu amene ndinakumbira manda abambo a anthu ena osawerengeka, sindinaponye dothi ngakhale lodzaza dzanja limodzi pa bokosi la bambo anga. Chinthu chimenechi chinkandidya tsiku lililonse, ndipo sindinkauza munthu, ngakhale mayi a Tadala.

A Harold anamwalira Lachiwiri lina m'mawa atangomaliza phala. Anthu a maliro anabwera ndi galimoto yakuda n'kuwatenga mwakachetechete. Sabata inatha, ziwiri, zinayi, kuli zii. Izi sizinandidabwitse, ndinali nditamva kale kuti kuno mtembo umatha mwezi uli mufiriji. Koma usiku ndi usana ndinkangoganiza za shelefu ija.

Sabata yachisanu a manijala anamata kakalata pakhoma la ku staff room. Kanali kochokera kwa a Susan. Kanati Loweruka likudzalo, 1 koloko masana, mpira usanayambe, tidzatsanzikana ndi a Harold pabwalo lija ndipo adzapumula kuseri kwa golo pamodzi ndi bambo awo ndi mkulu wawo. Pansi pake panali nambala ya foni. Pa break ndinaimba.

"Pepani ndi zovutazi, mayi. Ndine Mark, ndinkasamalira amalume anu. Ndimati ndifunse, ndani akukonza malo aja?"

"Ndinu okoma mtima, Mark. Palibe choti n'kukonza. Tingofika basi."

"Nanga obwera nawo ndani?"

"Ndibwera nawo ndekha pagalimoto yanga."

"Nokha? Onyamula alipo angati?"

"Ndikwanitsa ndekha. Sakulemera. Ndiwakhazika mpando wakutsogolo kuti aone msewu komaliza."

Ndinadula foni. N'zoona a Harold anali ataonda kumapetoku, koma osati mpaka pamenepo. Ndinati mayiyu chisoni chamuzunguza mutu, ali yekhayekha, alibe mwamuna wa pamudzi womuuza kuti maliro sayenda choncho. Anthu adzafika 1 koloko ndi bokosi n'kupeza kapinga ali gwa, ndiye atani? Abwerera nawo ku shelefu.

Kwathu wachibale sakumba manda a m'bale wake. Imeneyo ndi ntchito ya adzukulu, anthu apadera. Ndinadziyang'ana ndekha. Kodi pa Wigston yense mdzukulu wa a Harold angakhale ndani kuposa ine?

Mayi a Tadala ali ndi kadimba kobwereka ku Evington komwe timalima mpiru ndi nkhwani, ndipo tili ndi khasu lenileni la kwathu, limene anabwera nalo m'sutikesi n'kudzaliikira mpini kuno. Loweruka m'mawa ndinalikulunga m'chitenje pamodzi ndi fosholo ndi chingwe. Suti yakuda ndinaipinda m'jumbo.

"Bambo a Tadala, ulendo wa kuti m'mawa muno?" anafunsa akumanga nsapato, anali pa long day, ntchito ya tsiku lonse.

"Ku dimba."

"Ku dimba ndi suti?"

"Ndikachoka uko ndipita kumaliro a a Harold."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikanangotsegula pakamwa pamenepo, nkhani yonseyi sikanakhalapo. Koma ndinadziwa chimene akanandiyankha: za eni ake musamazilowerere. Ndiye ndinangokakwera basi. Dalaivala anayang'ana mtolo wanga, nanenso ndinamuyang'ana, sitinalankhulane.

Ndinafika pabwalo cha m'ma 7 koloko, kukuchita kamvula kowaza. Kageti kam'mbali kanali kotsegula, munthu kunalibe. Ndinaima kuseri kwa golo, ndinavula chipewa n'kupereka moni kwa ogona pamenepo. Ndinasiya mapazi atatu kuchokera pamene ndodo ija inaloza, kuti ndisawasokoneze. Muyeso sunandivute. Munthu amene wamusambitsa ndi kumutembenuza pabedi miyezi isanu ndi itatu, kutalika kwake umakudziwa ndi manja. Ndinawonjezerako pang'ono chifukwa mabokosi a kuno ndi otakata.

Kapinga ndinamudula bwinobwino m'zidutswa n'kumusanja pambali. Kenako ndinalavulira m'manja n'kuyamba.

Ndisaname, ndinasangalala. Chibwerereni kuno ndinali ndisanagwirepo ntchito imene ndimaidziwa kuposa mzungu aliyense. Dothi la kuno ndi lamakande, lomata, koma khasu la kwathu silinachite nalo manyazi. Ndinkaimba nyimbo za maliro chapansipansi, thukuta likutsika, makona akutuluka owongoka ngati a mmisiri wa nyumba. Pofika 9 koloko dzenje linali litandifika m'mawondo.

Kenako khasu linagunda chinthu. Gu!

Ndinaima. Ndinagogodanso pang'onopang'ono. Chinalira ngati chinthu cha mphako. Ndinapalasa ndi dzanja n'kuona chinthu chakuda, chosalala, chogona chopingasa m'mbali mwa dzenje.

Ndinagwada m'matope momwemo.

"Pepani bambo," ndinatero m'Chichewa, kenako ndinabwereza m'Chingerezi kuti amve. "Sindinadziwe kuti mwafika mpaka kuno. Si chipongwe ayi. Ndikukonzera mwana wanu malo, akubwera masana ano."

Ndinakwirira mbali imeneyo mwaulemu n'kusunthira dzenje kutsogolo, chakugolo. Tsopano linakula kawiri. Ndinapitiriza mpaka linandifika m'chiuno. Madzi anayamba kulowa kuchokera mbali ya bambo aja, ndipo chitsulo chimodzi chogwira ukonde kumbuyo chinayamba kupendama pang'onopang'ono, mpaka ukonde unandigwera pamutu.

Ndikulimbana ndi ukondewo, ndinamva kulira kwa kawilo. Anali a Keith, mkulu wosamalira bwalolo, yemwenso ndi mlembi wa timu. Ndinkawadziwa nkhope kuchokera tsiku lija la mpira: bambo wonenepa, wa ndevu zoyera, amene amakalipira aliyense woponda kapinga wake ndi nsapato zolakwika. Ankakankha kamakina kojambulira mizere yoyera. Atandiona anaima. Sanakuwe. Anatembenuza chidebe cha penti n'kukhalapo.

"Mukutani?" anafunsa ndi mawu otsika kwambiri.

"Mwadzuka bwanji, bambo. Ndikukumba manda a a Harold."

"Manda."

"Eya. Musade nkhawa, ndatsala pang'ono. Bambo awo ndawapeza, koma sindinawasokoneze kwambiri."

"Mwapeza ndani?"

Ndinapalasa pang'ono n'kuwaonetsa. Anasuzumira, nkhope yawo inafiira kuyambira m'khosi mpaka m'makutu.

"Imeneyo ndi paipi yanga yochotsa madzi m'bwalo! Ndinaikwirira ndekha ndi manja angawa. Mwaiboola!"

Apa munthu wanzeru akanayamba kukayika. Ine ndinapsa mtima. Ndinaponya ukonde pambali n'kuwaloza ndi chala ndili m'dzenje momwemo.

"Bambo, ndikulemekezani chifukwa ndinu wamkulu, koma mundimvere. Munthu uyu wachemerera timu yanu zaka makumi asanu ndi atatu, pamvula ndi pachisanu, inu mukungogonja. Wamwalira, masabata asanu athapo, palibe ndi mmodzi yemwe mwa inu amene wagwira fosholo. Lero mlendo wabwera kudzakuthandizani, inu mukudandaula za paipi? Mumafuna agone pamtunda?"

A Keith anavula magalasi n'kuwapukuta.

"Tamverani," anatero. "Woimbira mpira afika hafu pasiti 1 kudzayendera bwalo. Akapeza dzenje ili, masewero alephereka. Masewero akalephereka, za Harold lero palibe. Ndipo komiti ikaona zimenezi, sindikhulupirira kuti idzalolanso munthu wina aliyense kuikidwa pano, ngakhale Harold yemweyo."

Lonjezo langa lija tsopano linali pangozi, ndipo woliika pangoziyo sindinamvetse kuti ndi ndani.

Anatulutsa foni n'kuimbira a Susan. Ndinangomva akuti, "Bwerani msanga. Ayi, sindingathe kufotokoza. Mungobwera mudzaone."

Tinadikira pafupifupi ola lathunthu. Ine sindinatuluke m'dzenjemo, ndinkatunga madzi ndi chidebe chawo cha penti. Kenako pageti panalowa kagalimoto kofiira, kakang'ono, ka zitseko ziwiri. Ndinatuluka, ndinapukuta manja pa thalauza n'kusuzumira kumbuyo kwake kuti ndione galimoto ya maliro. Kunalibe.

A Susan anatsika, mayi wa zaka za m'ma sikisite, atavala jasi yabuluu. Anayang'ana mulu wa dothi, anayang'ana dzenje, anayang'ana ine.

"Ndinu Mark?"

"Ndine, mayi. Malo akonzeka. Thupi lili kuti?"

Anazungulira galimoto, anatsegula chitseko chakutsogolo n'kumasula lamba wa pampando. Anatulutsa chigubu chapulasitiki chobiriwira, chachikulu ngati botolo la maswiti la pagolosale, atachikulunga ndi mpango wa timu.

"Amalume ndi awa," anatero.



Kuwotcha mtembo ndinali nditamvapo, sindine wa kutchire. Koma ndinkadziwa kuti ndi mwambo wa Amwenye ena a ku Belgrave. Sizinandibwererepo m'mutu ndi tsiku limodzi lomwe kuti mzungu wopemphera, woimba nyimbo za m'buku Lamulungu lililonse pa care home, angathere m'chigubu. Shelefu ija inali shelefu yeniyeni, ya pabalaza. Bambo awo ndi mkulu wawo amene ndinawagwadira aja anali phulusa limene mvula inatsuka kalekale.

"Timangowaza pa kapinga," anatero a Keith. "Mphindi ziwiri, basi tathana nazo."

Ndinayang'ana chigubu. Ndinayang'ana dzenje langa, lotalika mapazi asanu ndi awiri, lakuya mpaka m'chiuno, makona ake owongoka. Ndinakhala pansi pa mulu wa dothi, ndipo, abale anga, ndinalira. Poyamba ndinkalira manyazi. Kenako zinasintha, ndinapezeka ndikuuza anthu awiri achilendo zimene ndinali ndisanauze mkazi wanga: za foni ija, za chithunzi chouma, za dothi limene sindinaponye. Ndinawauza za tsiku limene a Harold anandigwira dzanja pamalo omwewo. Ndinati ndikhululukireni, dzenje ndikwirira, paipi ndikonza, ngati n'kundinenera kuntchito kandineneni, koma a Harold asabwerere ku shelefu chifukwa cha uchitsiru wanga.

Kenako a Susan anayamba kuseka. Anaseka atakumbatira chigubu chija, mpaka kusekako kunasanduka kulira, ndipo anadzakhala pambali panga pa dothi lonyowalo ndi jasi yawo yabwinoyo.

"Masabata atatu akhala pamwamba pa firiji yanga," anatero. "Tsiku lililonse ndimati ndiimbira a timu foni mawa. Akanapanda a manijala anu kundiuza kuti pali wantchito wina amene akudandaula za iwo tsiku ndi tsiku, bwenzi akadali pomwepo."

A Keith anakanda ndevu.

"Kunena zoona," anatero, "kuwaza kuja ine sindikukonda. Phulusa limawotcha kapinga. Ndiponso tsiku la mkulu wawo kunali mphepo. Theka la iye linakathera padenga la kanyumba ka tiyi."

A Susan anapukuta m'maso n'kuimirira.

"Amalume agona m'menemo," anatero akuloza dzenje.

"M'menemo mungalowe timu yonse ndi ma substitute omwe," anatero a Keith.

"Ndiye atambasule miyendo. Moyo wawo wonse anakhala m'kanyumba kopanikiza."

A Keith anayang'ana wotchi. Anapita kukatenga chidutswa cha paipi ndi tepi m'shedi, ine ndinalowanso m'dzenje kukawagwirira. Pofika 12 koloko ochemerera anayamba kufika, madoda a imvi ndi mipango yawo, ena pa ndodo. Aliyense ankafika, n'kusuzumira, n'kufunsa funso lomwelo, a Keith n'kuyankha kuti, "Funsani Mark." Panafikanso mtolankhani wa nyuzipepala ija, mayi wonyamula kamera, amene anatumidwa kudzalemba mizere itatu yokha ya wantchito wawo wakale. Atangoona dzenjelo anayamba kujambula. Nthawi yovala suti sindinaipeze.

Sitinadikire 1 koloko. Ndinatsikira m'manda, a Susan anagwada n'kundipatsira a Harold, ndipo ndinawalandira ndi manja awiri. Anali opepuka zoona. Ndinawaika pakati penipeni, mpango uli pomwepo. Pambali pake a Susan anati ndiike chidutswa chimodzi cha m'makatoni aja, chithunzi cha bambo awo atadumphira mpira pagolo lomwelo.

Nditatuluka ndinaona anthu angoima, sakudziwa chochita. Apa ndiye panali pa ntchito yanga. Ndinawauza kuti kwathu wachibale amayamba kuponya dothi ndi dzanja, kenako aliyense. A Susan anaponya. Madoda aja anavula magolovesi, mmodzimmodzi, ena mpaka kuwagwira mkono kuti awerame. Palibe amene anaseka.

Ine ndinali womaliza. Ndinatapa kawiri. Dzanja loyamba linali la a Harold. Lachiwiri ndinaliponya ndikutchula dzina la bambo anga chamumtima, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni ku Ntcheu, chifuwa changa chinamasuka.

Kukwirira kunali kwa tonse. Fosholo inayenda m'manja mwa anthu amene madokotala anawaletsa kalekale kunyamula chinthu cholemera kuposa kapu ya tiyi. Tinapondaponda dothi, tinabwezera kapinga, a Keith anaimika chitsulo chija n'kumanga ukonde. Woimbira mpira atafika anaima pamalopo, anadumphadumpha katatu, ine ndikuluma mano poganiza amene ali pansi, ndipo anati masewero achitika.

Tinagonja zigoli zitatu kwa duu. Zonse zitatu zinalowa golo lomwelo, moti a Harold anaonera pafupi.

Nyuzipepala inatuluka Lachinayi. Ine ndinali off, ndinali pakhomo ndikutsuka khasu lija kuseri, chifukwa dothi lamakande silichoka msanga. Mayi a Tadala anali asanadziwe kanthu. Ndinali nditangowauza kuti maliro anayenda bwino.

Anafika madzulo ndi yunifolomu yawo, osapereka moni, n'kuyala pepalalo patebulo la kukhitchini. Wodwala wina m'wodi ndi amene anawaonetsa, akufunsa ngati Amalawi onse amadziwana.

Tsamba loyamba. Pamwamba, m'zilembo zikuluzikulu zakuda, dzina lonse la a Harold, mayina atatu, lolembedwa bwinobwino popanda cholakwika. M'katimo analemba za chipinda chapansi chija, za pepala la zigoli, za bambo awo goloboyi, za mafakitale a masokosi. Ndinaliwerenga dzinalo kawiri, ndikuligwira ndi chala, ndipo misozi inalengeza. Zaka zonse zija akusanja mayina a anthu ena, lawo linatuluka ndithu.

Pansi pa dzinalo panali ine. M'dzenje mpaka m'chiuno, matope mpaka m'makutu, khasu paphewa, chitenje cha mayi a Tadala chitapachikidwa pa golo.

Anandiyang'ana monga anandiyang'anira m'mawa uja.

"Bambo a Tadala, paja munati mukupita ku dimba."

"Ndinatero."

"Ndiye dimba lake ndi limeneli?"

"Ndi lomwelo."

"Munadzalamo chiyani?"

"A Harold," ndinatero.

Anakhala pampando, anaphimba nkhope ndi manja, mapewa akugwedezeka, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankaseka kapena ankalira.

Tsambalo ndinalidula ndi lumo n'kuliika pamwamba m'katoni yomaliza ya a Harold, imene a Susan anandipatsa. Phunziro langa ndi ili: m'dziko la eni, usanakumbe manda, yamba wafunsa kukula kwa malirowo.